Anyamata a Lutembwe Abweranso

Chipepala anachimata pa mtengo wa magetsi
pafupi ndi sitolo ya nsalu ku Dauni Shopu:
ANYAMATA A LUTEMBWE, LOWERUKA, USIKU UMODZI WOKHA.
Anyamata!
Wamng'ono mwa iwo analandira penshoni
ine ndikadali namwino ku wodi ya ana.

Tikambenji, mwana wanga, anati: Amayi,
makwacha handiredi fifite
kuti mukaonere nkhalamba zikutsokomola?
Nyimbo zawo zonse ndinakuikirani pa foni.
Ndinamuuza asakhome chitseko.

Ndinapita pa njinga ya hayala, ndolo kumakutu,
bondo lamanzere likudandaula pa bampu iliyonse.

Holo ndi yomweyo, denga lokha ndilo latsopano.
Chipepala chinati seveni. Anayamba naini itadutsa,
magetsi atathima,
jenereta atakaibwereka kwa wogulitsa nyama ku Kapata.

Fakisoni Ngwenyama, amene tsitsi lake linali chitsamba
mmene tinkakomoka naye mu sevente seveni,
analowa dazi likunyezimira ngati mbale yotsuka.
Gelesomu anaimba besi atakhala pampando wa pulasitiki.
Pa ng'oma panali kamnyamata ka ndolo imodzi,
mdzukulu wa Edisoni.
Edisoniyo ali kumanda a Mchini, chaka chachisanu tsopano.

Ndisaname, poti ndinalipira.
Nyimbo zitatu zoyamba zinali phala losapsa.
Fakisoni anaiwala ndime,
anatulutsa magalasi ndi kapepala m'thumba la jekete.
Pamalo paja ankakwera mawu mpaka malata kunjenjemera
anayang'ana m'mwamba, anayeza mtunda,
nadutsa pansi
ngati munthu wolambalala mlatho wothyoka.
Kumbuyo achinyamata anaseka, mafoni m'mwamba.
Ine ndinawerengera mumtima
mabotolo a saladi amene ndikanagula.

Kenaka Yotamu Mshanga anaponda kachitsulo kake kaja,
gitala inalira ngati macheka alowa m'mukwa.
Zala zake nyamakazi inazipinda;
ndikuzidziwa, ndaonapo zambiri zotero pa mzere wa mankhwala.
Pomwe kale ankathamanga mawu makumi awiri
usiku uja anasankha asanu.
Asanu okha.
Lililonse analigwira pakhosi, osalisiya,
mpaka litanena chimene linabwerera.

Sindikudziwa ndinaimirira nthawi yanji.

Ndinangopeza dzanja langa lili m'dzanja la Eneresi Chulu,
yemwe uja anandilanda Laitoni usiku wonse wa Khirisimasi
ine n'kumulandanso moyo wake wonse.
Zaka makumi anayi tinkapatsana moni wa mphuno.
Ndodo yake anaitsamiritsa kukhoma.
Tinavina pang'onopang'ono, ngati tasenza madzi odzaza,
iye akutchula mayina m'khutu mwanga:
Laitoni. Besinati wa ku Navutika. Mapasa a kwa Jere.
Uja wa thalauza losesa fumbi, dzina lake ndani?
Holo inadzaza kawiri,
ife, ndi iwo amene sanalipire pakhomo.

Jenereta inatha mafuta nyimbo isanathe.
Mumdima kamdzukulu kaja sikanaleke,
kanapitiriza kumenya,
ndipo Fakisoni, wopanda maikolofoni,
anamaliza ndime ndi mawu ake enieni,
okhakhala, aafupi, a munthu womwa mapiritsi a bipi.
Palibe anaseka.

Ndinafika kunyumba atambala ali pafupi.
Tikambenji anali maso pa sofa.
Zinali bwanji?
Ndinati: pa foni amaimba bwino.
Ndiye?
Ndiye pa foni Fakisoni ali ndi zaka twente faifi,
sapuma, satsokomola,
ndipo sandidziwa.
Uyu wa lero anandiona pa mzere wachiwiri
nati, Sisita, mukadalipo?

Bweretsa mafuta aja opaka, bondo latupa.
Khutu likulirabe.
Usalizimitse.